Dzanja Lamanzere la Leonardo

Pali mtundu wina wa buku umene wosindikiza wake saloledwa kukonzamo kanthu. Akapeza dontho la inki limene linagwera m'mphepete mwa tsamba zaka 500 zapitazo, ayenera kulibweza pomwepo, pamlingo womwewo. Pepala likakhala lofiirira ndi ukalamba, nayenso afunefune kufiirira komweko. Ngodya ikakhala yobenthuka, mpeni wake udule motsata mmene inabenthukira. Mabuku otere amawatcha facsimile, ndipo amene ndimawaganizira kwambiri ndi amene anakopera makope a Leonardo da Vinci, mmisiri wa ku Italy amene anabadwira ku Vinci mu 1452 n'kukamwalirira ku Amboise, m'dziko la France, pa 2 Meyi 1519.

Anthu amamudziwa ndi Mona Lisa komanso chithunzi cha Mgonero Womaliza chimene chili pakhoma ku Milan. Komatu zithunzi za penti zimene anamaliza n'zowerengeka. Chimene anasiya chochuluka ndi mapepala, masamba oposa 7,000 amene alipo mpaka lero, ndipo akatswiri amagwirizana kuti ambiri anatayika. Buku lakelake sanasindikize ngakhale limodzi. Ankanena kuti tsiku lina adzasanja zolembazo, za madzi pazokha, za thupi la munthu pazokha, za kuuluka kwa mbalame pazokha. Poyamba kulemba gawo lina la kope limene lero timalitcha Codex Arundel, ku Florence pa 22 Malichi 1508, iye mwini anavomera kuti akungosonkhanitsa zinthu popanda dongosolo, ndipo akuyembekeza kudzaziika m'malo mwake pambuyo pake. Tsiku losanjalo silinafike.

Leonardo anali wamanzere, ndipo ankalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuka, moti wosazolowera amafunika kalilole kuti awerenge. Ena amati ankabisa zinsinsi. Ine sindikhulupirira zimenezo, chifukwa chinsinsi chimene kalilole wamba angaulule sichingatchedwe chinsinsi. Munthu wamanzere wolemba ndi nthenga ndi inki yaiwisi, akamapita chakumanzere dzanja silipaka zimene wangolemba. Ngakhale timizere timene ankadetsera mthunzi m'zojambula zake timatsika kuchokera kumtunda chakumanzere kupita kumunsi chakumanja, mosiyana ndi ta anthu ambiri. Zonsezi buku la zilembo zamakina silingakuonetse. Lingakuuze chabe kuti zinali choncho. Facsimile imakuika pamaso pa dzanjalo, ndipo ukayang'anitsitsa umayamba kuzindikira pamene linathamanga, pamene linakayika, ndi pamene nthenga inauma iye n'kuiviikanso pakati pa liwu.

Mapepalawa anayenda ulendo wowawa. Leonardo anawasiyira wophunzira wake Francesco Melzi, amene anabwerera nawo kwawo ku Vaprio d'Adda n'kuwasunga mwachikondi kwa zaka pafupifupi 50. Melzi atamwalira cha m'ma 1570, mwana wake Orazio sanaone phindu lake. Anawaponya m'chipinda chakudenga, ndipo aliyense wopempha ankachokapo ndi mtolo. Ambiri anafika m'manja mwa Pompeo Leoni, wosema ziboliboli wa mfumu ya Spain. Leoni anatenga sizasi ndi zomatira. Anadula mapepala, n'kumata za makina ndi masamu m'chibuku chimodzi chachikulu, za nkhope ndi matupi m'chibuku china. Choyambacho ndicho Codex Atlanticus, ya masamba 1,119, imene inaperekedwa ku Biblioteca Ambrosiana ku Milan mu 1637. Chachiwiricho chinakathera ku Windsor, ku England. Mu 1796 ankhondo a Napoleon anatenga za ku Ambrosiana kupita nazo ku Paris. Atlanticus inabwezedwa mu 1815, koma makope 12 ang'onoang'ono anatsalira ku Institut de France, ndipo ali komweko. Kumenekonso, m'zaka za m'ma 1840, Guglielmo Libri, katswiri wa masamu amene anthu ankamudalira pa za malaibulale, anathothola masamba ena n'kukagulitsa.

Choncho maganizo a munthu mmodzi ali mbwee ku Milan, Paris, London, Windsor, Madrid, Turin, ndiponso m'manja mwa Bill Gates, amene anagula Codex Leicester mu 1994 pamtengo wa madola 30.8 miliyoni a ku America. Palibe chipinda chimodzi padziko pano chimene mapepala enieniwo angakumanemo onse. Amakumana m'mafacsimile basi, patebulo limodzi la mulaibulale, pamene munthu angaike tsamba la ku Windsor pambali pa la ku Milan. Katswiri wina, Carlo Pedretti, anachita ntchito yoteroyo mu 1957: analondola tizidutswa ta ku Windsor n'kusonyeza mabowo a mu Atlanticus pamene sizasi ya Leoni inatidula.

M'zaka za m'ma 1880 anthu awiri anayesa kupereka Leonardo kwa owerenga, aliyense m'njira yake, ndipo kusiyana kwawo ndiko kumandisinkhasinkhitsa. Jean Paul Richter, mu 1883, anatulutsa mabuku awiri ku London. Anawerenga zolemba zotembenukazo, n'kusankha ndime, n'kuzisanja potsata mitu: za kujambula, za kuwala ndi mthunzi, za zomangamanga, za nthano, za makalata. Anachita zimene Leonardo ankalakalaka n'kulephera. Charles Ravaisson-Mollien, kuyambira 1881 mpaka 1891 ku Paris, anatenga njira ina. Anajambula tsamba lililonse la makope a ku Institut de France monga linalili, n'kuika pambali pake mawu olembedwanso bwino ndi kumasulira kwake m'Chifalansa. Ena anatsatira njira yachiwiriyi. Kakope ka kuuluka kwa mbalame, kamene kanali m'gulu la zobedwa ndi Libri, kanatuluka mu 1893 ndi ndalama za Theodore Sabachnikoff, ndipo Codex Atlanticus yonse inatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1894 mpaka 1904, Giovanni Piumati akuwerenga liwu ndi liwu.

Richter ndimamulemekeza. Popanda iye ndi ena onga iye, ambirife sitikanawerenga ngakhale chiganizo chimodzi cha Leonardo, pakuti Chitaliyana cha ku Tuscany cha nthawi imeneyo, chodzaza ndi mawu ofupikitsidwa, cholembedwa chotembenuka, n'chovuta ngakhale kwa eni chinenerocho. Koma Leonardo wa Richter ndi munthu wodekha, amene amamaliza mutu umodzi asanayambe wina, ndipo munthu ameneyo sanakhaleko. Amene anakhalako ndi uja amene patsamba limodzi anajambula gudumu la mano, pambali pake n'kuwerengera ndalama zogulira buledi ndi vinyo, m'munsi n'kuika nkhope ya nkhalamba ya chibwano chotuluka, kenako n'kudzikumbutsa kuti afotokoze lilime la mbalame yogogoda mitengo. Ukadula tsamba limenelo n'kupereka gudumu ku mutu wa makina, nkhope ku mutu wa zojambula, ndalama n'kuzitaya poti n'zazing'ono, wasunga zonse zimene anaganiza koma wataya mmene ankaganizira. Kwa ine kaganizidweko ndiye chuma chenicheni, chifukwa zambiri zimene anapeza sayansi inazidutsa kalekale, kapena inazipezanso payokha osadziwa kuti iye anali atafikapo.

Amene anasungako kalata ya malemu bambo ake kapena agogo ake akudziwa zimene ndikunena. Mawu a m'kalatamo ukhoza kuwatayipa bwinobwino pakompyuta, osasiyapo ngakhale limodzi, koma palibe amene angalole kutaya pepala lenilenilo, ndi mizere yake yopendekeka, ndi pamene cholembera chinaboola chifukwa dzanja linalemera.

Pali masamba ena amene ndimakhalitsa nawo. Bambo ake a Leonardo, Ser Piero, anali mlembi wa zamalamulo ku Florence, ndipo Leonardo anali mwana wawo wobadwa kunja kwa banja. Atamwalira pa 9 Julayi 1504, Leonardo analemba za imfayo m'mawu ouma a kuofesi, onga amene bambo akewo ankalembera moyo wawo wonse: tsiku, ola, dzina, ntchito, zaka, ndi kuti asiya ana aamuna 10 ndi aakazi awiri. Palibe liwu la chisoni. Koma ola la imfa analilemba kawiri, koyambirira kwa chiganizo ndi chakumapeto kwake, ngati waiwala kuti walemba kale. Zaka nazo anaphonya: anati 80, pamene malemuwo anali ndi 78. Mkonzi wofuna buku loyera akanachotsa ola lobwerezedwalo, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Sindingalumbire kuti kubwerezako n'chisoni. Mwina anali atatopa chabe. Koma ndimafuna kuti chisankho chokhulupirira kapena kusakhulupirira chikhale changa, nditaona tsambalo ndekha, osati cha munthu wina amene anandikonzera.

M'timakope ta Forster, timene tili ku Victoria and Albert Museum ku London, muli mzere umodzi wonena kuti Caterina anafika pa 16 Julayi 1493. Amayi ake a Leonardo dzina lawo linali Caterina, ndipo akatswiri ambiri amati ndi iwowo, atakalamba, anabwera kudzakhala ndi mwana wawo ku Milan. Patsamba lina muli ndandanda ya ndalama za maliro a Caterina: phula la makandulo, chithatha, onyamula maliro, ansembe anayi, belu, okumba manda. Pamunsi pali mzere, ndi chiwerengero chonse. Kumeneko ndi kumene nkhani ya mayiyo imathera m'makopemo. Timakope timeneti n'tating'ono zedi, tina masentimita pafupifupi 10 m'litali ndi 7 m'lifupi, totha kulowa m'chikhatho, pakuti ankayenda nato palamba. Ukagwira facsimile ya kukula komweko, umazindikira kuti maliro a mayi analembedwa pakapepala kamene chala chachikulu chingaphimbe theka la mzere wake, pakati pa masamba a zolemera ndi zingwe zokokera katundu.

Si zonse zolemetsa mtima. M'kope limene ku Paris amalitcha C, limene kwenikweni ndi la kuwala ndi mthunzi, muli nkhani ya kamnyamata ka zaka 10, Giacomo, kamene kanabwera kudzakhala naye pa 22 Julayi 1490. Leonardo anandandalika zimene kanaba ndi kuswa, ndi mtengo wa chilichonse, mpaka m'mphepete mwa tsamba n'kukalemba maina okanyoza pa umbava, mabodza, liuma ndi dyera. Anakatcha Salaì, ndipo sanakathamangitse. Anakhala nako zaka zoposa 25, n'kudzakakumbukira pogawa chuma chake. Mu Codex Arundel, patsamba la chakumapeto kwa moyo wake, kuwerengera kwa makona atatu kumaduka mwadzidzidzi, iye n'kupereka chifukwa: supu ikuzizira. Wina m'nyumbamo anali atamuitana.

Ndikamanena za kuona mmene munthu ankaganizira, masamba a thupi la munthu a ku Windsor ndiwo amandionetsa bwino koposa. M'nyengo yozizira ya pakati pa 1507 ndi 1508, kuchipatala cha Santa Maria Nuova ku Florence, Leonardo anacheza ndi nkhalamba imene inati ili ndi zaka zoposa 100 ndipo simva kuwawa kulikonse kupatula kufooka. Patapita maola ochepa nkhalambayo inamwalira phee, ili pabedi pomwepo. Leonardo anang'amba mtembowo kuti aone chimene chinabweretsa imfa yofatsa chotero, ndipo anapeza mitsempha ya magazi itakhuthala m'kati, njira itachepa. Analemba zimene madokotala a lero amazizindikira akangowerenga. Patapita zaka zingapo, pofufuza mitima ya ng'ombe, anaganiza kuti magazi akamatuluka mumtima amazungulira m'timatumba ta kuseri kwa kachitseko ka mtsempha waukulu, ndipo kuzungulirako ndiko kumathandiza kachitseko kutsekeka. Anafotokoza mmene angapangire chifanizo chagalasi, n'kupopamo madzi osakaniza ndi njere za udzu kuti aone kayendedwe kake. Ofufuza anadzatsimikiza zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Koma pamasamba omwewo muli zolakwa, ndipo facsimile imazisunga mokhulupirika chimodzimodzi. Chojambula chake chotchuka cha mwana wopinda miyendo m'chiberekero, cha m'ma 1511, chili ndi nsengwa ya ng'ombe, chifukwa ng'ombe ndiyo anaiona bwino, n'kuganiza kuti munthu ali chimodzimodzi. Ngakhale anamvetsa kachitseko ka mtima, sanafike pozindikira kuti magazi amazungulira thupi lonse n'kubwerera, zimene William Harvey anadzafalitsa mu 1628. Pena umaona wajambula chiwalo monga mabuku akale ankanenera, kenako patsamba la zaka zotsatira wachijambulanso monga maso ake anachionera. Pena wayamba umboni wa masamu, waona kuti sukutuluka, waudula ndi mzere, wayambanso m'munsi ndi zilembo zazing'ono chifukwa malo atha. Zimenezi zimandilimbitsa mtima kuposa nkhani zonse zomutama kuti anali munthu wodabwitsa amene anadziwiratu za ndege. Munthu wodabwitsa umangomuyang'ana n'kupukusa mutu. Uyu wa m'makope ungathe kumutsata, chifukwa njira yake ikuoneka: yang'ana, jambula, funsa, yang'ananso.

Codex Leicester ndi ya masamba 72 okha, ndipo pafupifupi yonse ndi ya madzi. Mmenemo amatsutsana ndi amene ankati zigoba za nkhono za m'nyanja zopezeka pamwamba pa mapiri a ku Italy zinatengedwa ndi chigumula cha Nowa. Amafunsa kuti nkhono yoyenda pang'onopang'ono ikanatha bwanji mtunda wotero m'masiku 40, ndipo n'chifukwa chiyani zigobazo zili m'mizere yosanjikizana, zina zikadali ziwiriziwiri monga zinakhalira zili moyo. Mmenemonso amafotokoza chifukwa chake mwezi ukangokhala kumene, mbali yake yamdima imaoneka mwachizimezime: ndi kuwala kwa dzuwa kumene dziko lathu limabweza. Kope limeneli lili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo limaonetsedwa kwa anthu mwa apo ndi apo, m'chipinda cha nyali zochepa, popeza kuwala kumadya inki ndi pepala. Woliona amaona tsamba kuseri kwa galasi kwa mphindi zochepa, ena akudikira kumbuyo kwake. Mtsutso wa nkhono uja sungautsate utaimirira pamzere. Umafuna mpando, ndi ufulu wobwerera tsamba la m'mbuyo.

Sindikufuna kuitama facsimile mopitirira. Imasunga zimene zilipo tsiku lojambula, zabwino ndi zoipa zomwe. Mabala a sizasi ya Leoni imawasunga. Atlanticus itakonzedwa ndi amonke a ku Grottaferrata, ntchito imene inatha cha m'ma 1972, n'kumangidwa m'mabuku 12, kampani ya Giunti ku Florence inatulutsa facsimile yake pakati pa 1973 ndi 1975. Kuseri kwa tsamba lina kunaoneka chojambula chonga njinga yapalasa, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati Leonardo kapena wophunzira wake anaiganiza kale njinga. Lero akatswiri ambiri amati ndi dzanja la munthu wa masiku ano limene linawonjezerapo. Makina ojambulira sanafunse, anangokopera. Palinso zimene sangathe kukopera. Mapepala ena a ku Windsor amaoneka opanda kanthu, chifukwa chitsulo chimene Leonardo anajambulira chinazimirira, ndipo manja okongola amene anajambulapo amaoneka pokhapokha pansi pa kuwala kwa ultraviolet. Kulemera kwa pepala la nsanza, timikwingwirima ta chitsulo chosongoka, fumbi la choko chofiira limene limasuntha ukalikhudza, zonsezi wosindikiza amangoyandikira.

Mtengo nawo umandivutitsa. Mafacsimile abwino amasindikizidwa ochepa, ndipo amagulidwa ndi malaibulale akuluakulu ndi anthu olemera, ena mwa iwo osatsegula n'komwe. Zinthu zasinthako ndi intaneti. British Library inajambula Codex Arundel, laibulale ya ku Vinci ili ndi nkhokwe yotchedwa e-Leo, ndipo wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kukuza tsamba mpaka kuona ulusi wa pepala. Chimenechi n'chinthu chachikulu, ndipo sindichichepetsa. Chimene foni imameza ndi kukula kwa zinthu. Kakope ka palamba ndi chipepala chachikulu cha mu Atlanticus zimaoneka zofanana pagalasi, ndipo chala chimazolowera kuthamanga. Facsimile ya papepala imakuchedwetsa, ndipo zolemba zotembenuka zimakuchedwetsanso kawiri. Munthu amene anatha maola akuyang'ana mmene mphamba amapendekera mapiko mumphepo ayenera kuwerengedwa mochedwa chomwecho.

Melzi, asanamwalire, anayesa kuthandiza mbuye wake. Anakopera pamanja ndime za luso la kujambula kuchokera m'makope 18, n'kupanga buku limene lili ku Vatican, ndipo chidule chake chinasindikizidwa ku Paris mu 1651. Ambiri mwa makope 18 amenewo sakupezeka lero. Mawu ake tili nawo chifukwa cha Melzi, koma masamba amene anachokerapo, ndi zonse zimene zinali m'mphepete mwake, palibe amene angawajambulenso.

Nthawi zina zotayika zimabwerera. Mu 1967 kunalengezedwa kuti makope awiri a Leonardo apezeka mu Biblioteca Nacional ku Madrid. Sanabedwe, sanapse: nambala zake zinalembedwa molakwika m'kaundula, ndipo anakhala pashelefu kwa zaka zoposa 100 anthu akuwafuna kwina. Anali masamba pafupifupi 700. Ladislao Reti anatsogolera ntchito yowawerenga, ndipo facsimile yake inatuluka mu 1974. Kope loyamba lili ndi zojambula za makina zaukhondo kuposa zina zonse, masipuling'i, maunyolo, magudumu a mano. Lachiwiri lili ndi ndandanda ya mabuku 116 amene Leonardo anali nawo, komanso chakumapeto kwake, masamba a kavalo wamkuwa amene Ludovico Sforza, wolamulira Milan, anamutuma kupanga pokumbukira bambo a Ludovicoyo. Kavaloyo anayenera kutalika mamita oposa 7. Leonardo anaumba wadongo, anthu n'kumuona mu 1493. Mu 1494 mkuwa wake unatumizidwa ku Ferrara kukapangira mizinga, ndipo mu 1499 asilikali a France atalanda Milan anasandutsa kavalo wadongoyo chandamale cha mivi yawo. Patsamba lina la ku Madrid, m'choko chofiira, muli chikombole cha mutu ndi khosi la kavaloyo, chomangidwa ndi nthambo zachitsulo zopingasana, ndi tingowe tolumikizira mbali ziwirizo, ndipo m'masamba oyandikana nalo Leonardo akulimbana ndi funso lakuti dzenje lothiriramo mkuwa likumbidwe motani, popeza madzi a pansi pa nthaka ya ku Milan ali pafupi.